Magazi akasiya si kuti mphuno yachira

Zaka zitatu zapitazo, Lachisanu lina masana, timu ya sukulu yathu inkasewera ndi sekondale ina ya kutsidya kwa mtsinje. Tinkatsogola ndi chigoli chimodzi, ndipo padatsala mphindi zosakwana 20 kuti mpira uthe. Anzathuwo adapeza kona. Mpira utabwera m'mwamba, anyamata anayi adaudumphira pamodzi. Atatu adatera ndi miyendo. Wachinayi, mnyamata wathu wa Fomu 3 yemwe ankasewera kumbuyo, adagwada pansi atagwira kumaso, magazi akudutsa m'mipata ya zala. Chigongono cha mnzake chidamupeza pamphuno.

Ine ndine mphunzitsi wa Bayoloje pa sekondale yoyendera kumudzi kuno, ndipo popeza ndidali wamng'ono pa aphunzitsi onse aamuna, ahedi adandipatsanso udindo woyang'anira masewero. Aphunzitsi anzanga akudziwa momwe udindowu umabwerera. Amakupatsa wezulo, mpira umodzi wosokedwasokedwa ndi kope lolembamo mayina. Za munthu wovulala palibe amakuuza.

Tsikulo ndidachita zomwe ndidakula ndikuona akuluakulu akuchita. Ndidamuuza mnyamatayo kuti ayang'ane kumwamba, ndidamuthira madzi pamutu, kenako ndidapinda tishu n'kumutseka mabowo onse awiri a mphuno. Patapita kanthawi magazi adasiya. Anthu m'mbali mwa bwalo adayamba kukuwa kuti mwamuna salira, abwerere. Iyenso adandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndili bwino." Ndidamubweza m'bwalo. Tidapambana, ndipo ndidapita kunyumba ndikudzitama.

Lolemba sadabwere kusukulu. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu m'mawa mayi ake adandipeza ndisanalowe m'kalasi. "Aphunzitsi, mwana wanu uja sakugona," adatero. "Thupi latentha, mphuno yatsekeka, akungopumira pakamwa." Iwo ankaganiza kuti ndi malungo, moti adali atamugulira kale Panado ku golosale. Palibe adawauza kuti mwana wawo adagundidwa kumaso, ndipo iye mwini adangoti wagwa pang'ono pampira.

Tidamukweza pa njinga yamoto kupita kuchipatala chaching'ono, komwe adatilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu cha boma. Kumeneko adokotala adatenga tochi, adakweza nsonga ya mphuno ndi chala, n'kundiitana kuti ndione. M'katimo, pakhoma lapakati, padali chotupa chofiira moderako mbali zonse ziwiri. Adandifunsa funso limodzi lokha: kodi chichitikireni ngoziyo, alipo adasuzumirako m'mphunomu? Ndidangoyang'ana pansi.

Adachiboola tsiku lomwelo, mudatuluka magazi osakanikirana ndi mafinya, ndipo mnyamatayo adagona m'chipatala masiku angapo akulandira mankhwala. Adachira, adalemba mayeso a MSCE, koma mphuno yake idatsika pakati mpaka lero. Tikakumana pamsika amandipatsa moni mwaulemu, ine n'kumaona kulakwa kwanga pankhope pake.

Ndalemba nkhaniyi kwa aphunzitsi anzanga, makochi a matimu a m'midzi, oyimbira mpira komanso makolo. Sindine dotolo. Izi ndi zomwe achipatala adandifotokozera nthawi imeneyo, kuphatikiza zomwe ndakhala ndikuwerenga kuchokera tsikulo. Pali zoyenera kuchita m'mphindi 15 zoyamba, zina tsiku lomwelo, zina asanathe masiku 14, ndipo zina kwa masabata 6.

Chimene chimathyoka n'chiyani?

Tayambani mwagwira mphuno yanu. Pamwamba, pakati pa maso, ndi polimba. Pamenepo pali timafupa tiwiri topyapyala tomwe tidakumana ngati denga la nyumba. Mukatsika mupeza pofewa, potheka kupindapinda. Pamenepo pali fupa lofewa, longa lija timatafuna kumapeto kwa fupa la nkhuku. M'kati muli khoma lolekanitsa mabowo awiri, ndipo mbali yakutsogolo ya khomali ndi ya fupa lofewa lomwelo. Pakhomapo pali timitsempha ta magazi tambiri tomwe tili pamwamba penipeni. N'chifukwa chake kugundidwa pang'ono chabe kumabweretsa kamfuno.

Popeza mphuno ndi yomwe idatsogola pankhope, imayamba ndi iyo kulandira chilichonse chobwera. Pa mafupa onse a kumaso, a mphuno ndi omwe amathyoka kawirikawiri. Pampira wamiyendo, chomwe chimathyola mphuno nthawi zambiri ndi thupi la munthu wina: chigongono kapena mutu podumphira mpira wam'mwamba, phewa, ngakhale bondo pamene goloboyi wadziponya kumapazi a wosewera. Pampira wamanja atsikana amagundana pansi pa golo polimbirana mpira wobwerera, kapena mpira woponyedwa mwamphamvu pafupi umamupeza wina asanakonzeke.

Mungadziwe bwanji kuti yathyoka?

Si nthawi zonse pomwe magazi otuluka m'mphuno amatanthauza kuti fupa lathyoka, ndipo mphuno itha kuthyoka magazi atangotuluka ochepa. Choncho musaweruze ndi magazi okha. Ganizirani kuti yathyoka ngati mwana akumva ululu waukulu mukakhudza pamwamba polimba paja, ngati mphuno yatupa msanga, ngati yapendekera mbali imodzi kapena yaphwatalala, komanso ngati mukakhudza pang'onopang'ono mukumva timafupa tikukhulana pansi pa chala. Mukamva zimenezo siyani pomwepo, musabwereze pofuna kutsimikiza.

Muyeseninso kapumidwe. Magazi akasiya, atseke bowo limodzi ndi chala mosadinikiza n'kupuma, kenako linalo. Ngati mpweya sukudutsa mbali imodzi kapena mbali zonse, m'kati muli vuto.

Mabuku ambiri amanena kuti pansi pa maso pamasintha mtundu. Pakhungu lathu lakuda izi sizioneka msanga. Yang'anani kutupa kwa zikope zam'munsi ndi kuderapo kwa khungu kuposa masiku onse, makamaka tsiku lotsatira.

Dziwaninso kuti kutupa kumanamiza. Kutha kubisa mphuno yokhota, kuthanso kupangitsa yowongoka kuoneka ngati yakhota. Enanso adabadwa ndi mphuno yopendekera kale. Funsani mnzake wapamtima kapena kholo ngati nkhopeyo yasintha, ndipo ngati pali chithunzi chakale m'foni kapena pachitupa, chitengeni popita kuchipatala. Chimawathandiza adokotala kuona momwe mphunoyo idalili.

Mphindi 15 zoyamba

Choyamba, mutulutseni m'bwalo. Lamulo lachisanu la mpira wamiyendo limanena kuti woyimbira aonetsetse kuti wosewera amene akutuluka magazi watuluka, ndipo asabwerere mpaka magaziwo atasiya komanso pazovala zake palibe magazi. Lamuloli limagwira ntchito ku Bingu National Stadium, limagwiranso ntchito pabwalo lathu lafumbi.

Chachiwiri, mukhazikeni pansi, msana chilili, mutu ataweramitsa patsogolo pang'ono. Asayang'ane kumwamba ndipo asagone chagada. Munthu akayang'ana kumwamba magazi sasiya. Amangosintha njira n'kumatsikira kummero ndi m'mimba, komwe amachititsa nseru, ndipo atha kumutsamwitsa. Mayi a mnyamata uja adandiuza kuti usiku wa Lachisanulo adasanza zakuda. Adali magazi omwe ndidamumwetsa ine.

Chachitatu, atsine mbali yofewa ya mphuno, pansi pa fupa, ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, azipumira pakamwa. Agwire osasiya kwa mphindi 10 mpaka 15, ndipo wina aziwerenga nthawi pafoni. Kusiyasiya pofuna kuona ngati asiya kumagumula magazi omwe ayamba kuundana. Omwe afika m'kamwa alavule. Ndi bwino kuti mwanayo adzigwire yekha. Ngati sangathe, womuthandiza avale magolovesi, ndipo akasowa aphimbe manja ndi jumbo yoyera. Magazi a munthu wina sitigwira ndi manja osavala kanthu, chifukwa HIV ndi matenda a chiwindi amayenda m'magazi.

Chachinayi, ikani chozizira pamwamba pa mphuno ndi m'masaya. Kuno kwathu ayezi kulibe, koma nsalu yoyera yoviika m'madzi a pamjigo imathandiza. Ngati pafupi pali golosale yokhala ndi filiji, botolo lozizira kapena kapaketi ka madzi oundana kokulunga m'nsalu n'kabwino kuposa. Choundana musachiike pakhungu chosakulunga. Mphindi 10 mpaka 15 zakwana, ndipo mutha kubwereza kangapo patsiku m'masiku awiri oyamba.

Pali zina zoti musachite. Musalowetse tishu, thonje, nsanza kapena masamba m'mphuno. Zimabisa magazi, zimalowetsa litsiro, ndipo pozichotsa zimatsegulanso bala. Musayese kuwongola mphuno ndi manja anu, ngakhale pabwere munthu wodzitama kuti adawongolapo zambiri. Mwanayo asamine. Pa ululu Panado akwanira. Aspirin ayi, chifukwa amachedwetsa kuundana kwa magazi, komanso sayenera kupatsidwa kwa ana osakwana zaka 16.

Zofuna chipatala nthawi yomweyo

Mphamvu yomwe yathyola mphuno yagwedezanso mutu wonse. Choncho musanatanganidwe ndi magazi, muyang'aneni mwanayo bwino. Funani njinga yamoto kapena galimoto nthawi yomweyo mukaona chimodzi mwa izi:

Magazi sakusiya atatsina bwino kwa mphindi 15 mpaka 20, kapena akutuluka ambiri moti mwana akufooka.

Adakomoka, ngakhale kwa kanthawi kochepa, kapena akuoneka wosokonezeka. Mufunseni kuti tikusewera ndi ndani, tili pabwalo liti, zigoli zili bwanji. Akalephera kapena akamabwereza funso lomwelomwelo, ubongo wagwedezeka.

Akusanza, mutu ukumupweteka kwambiri, akumva chizungulire, akudzandira kapena akungofuna kugona.

Akuona zinthu ziwiriziwiri kapena mwachimbuuzi, diso silikuyenda bwino, kapena tsaya lachita dzanzi. Izi zimasonyeza kuti mwina fupa lozungulira diso lathyokanso.

Mano akumwamba ndi akumunsi sakukumana monga kale, kapena akulephera kutsegula pakamwa.

M'mphuno kapena m'khutu mukudontha madzi oonekera ngati akumwa, osati olimba ngati mamina. Atha kukhala madzi ozungulira ubongo, kusonyeza kuti fupa la pansi pa chigaza lang'aluka.

Pamphuno pali bala lalikulu kapena fupa likuonekera. Phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo kuchipatala akaonanso za jakisoni wa kafumbata, popeza mabwalo athu ambiri ng'ombe zimadyamo.

Akudandaula khosi, kapena manja ndi miyendo zachita dzanzi. Apa musamunyamule wina miyendo wina manja monga amachitira ana athu. Mutu ukhale molunjika ndi thupi, wina augwire, ndipo mumunyamule pathabwa kapena pachitseko.

Amene amaonera mpira wa ku Ulaya akukumbukira Victor Osimhen wa ku Nigeria. Mu November 2021, akusewerera Napoli, adagundana mutu ndi Milan Škriniar wa Inter Milan. Adathyoka mafupa a tsaya ndi ozungulira diso, adachitidwa opaleshoni, ndipo sadasewere nawo mpikisano wa AFCON ku Cameroon kumayambiriro kwa 2022. Munthu akagundidwa kumaso, vuto litha kukhala kuseri kwa pomwe tikuona magazi.

Tsiku lomwelo: suzumirani m'kati

Apa ndi pomwe ndidalakwitsa kwambiri. Fupa lofewa la khoma lapakati lilibe mitsempha yakeyake ya magazi. Limadya kuchokera ku kachikopa kopyapyala komwe kadalikuta mbali zonse ziwiri. Mphuno ikagundidwa, nthawi zina magazi amasonkhana pakati pa kachikopako ndi fupalo, n'kuzilekanitsa. Magazi amenewa satuluka kunja. Fupa lofewalo limasowa chakudya ndipo limayamba kufa m'masiku ochepa okha. Magaziwo athanso kusanduka mafinya, munthu n'kutentha thupi, ndipo matendawo atha kufalikira mpaka kumutu. Fupalo likafa, mphuno imatsika pakati chifukwa mzati wake wapita. Vutoli limachitika kwambiri kwa ana ndi achinyamata, ndipo litha kubwera ngakhale fupa lolimba lija lisanathyoke.

Kuliona sikufuna makina. Magazi akasiya, yatsani tochi ya foni, kwezani nsonga ya mphuno pang'onopang'ono ndi chala, n'kusuzumira bowo lililonse. Khoma lapakati liyenera kukhala lopyapyala, ndipo mpata wodutsa mpweya uzioneka mbali zonse. Kumbali yakunja ya bowo kumakhala kamnofu kotumbuluka komwe aliyense ali nako, kameneko kasakuopseni. Choopsa ndi chotupa chofewa, chofiira kapena choderako, chotumphuka kuchokera pakhoma lapakati, mbali imodzi kapena zonse ziwiri. Mukachiona, kapena mukakayika, mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Achipatala amachiboola n'kutulutsa magaziwo, ndipo akachita msanga mphuno imapulumuka. Inu musachiboole.

Chotupachi nthawi zina chimachedwa kuoneka. Suzumiraninso m'mawa wotsatira ndi mkuja wake. Mphuno yomwe ikunka nitsekeka m'malo motseguka, ululu womwe ukukula, kapena thupi kutentha patapita masiku awiri kapena atatu chigundidwireni, musathamangire kunena kuti ndi chimfine kapena malungo. Kanenani kuchipatala kuti mwanayu adagundidwa pamphuno tsiku lakuti.

Apa mpomwe kholo liyenera kudziwa. Mwana wovulala kumaso asapite yekha kunyumba. Mphunzitsi kapena wophunzira wamkulu amuperekeze, ndipo makolo auzidwe pakamwa kapena pakalata zomwe zachitika ndi zoyenera kuyang'anira. Usiku woyamba agone pafupi ndi munthu wamkulu, mutu uli pamwamba pang'ono. Ana amabisa kuvulala poopa kuletsedwa mpira. Akadakhala kuti mayi aja adauzidwa Lachisanu, sakadadikira mpaka Lachitatu.

Asanathe masiku 14

Tiyerekeze kuti zoopsa zonsezi palibe, koma mukuganizabe kuti mphuno yathyoka. Mwanayo akaonedwebe kuchipatala. Anthu ena amati kupita kuchipatala chaching'ono n'kutaya ndalama chifukwa kulibe makina ojambulira mafupa. Zoona zake n'zakuti mphuno yothyoka kawirikawiri sifuna kujambula. Adokotala amadziwa poyang'ana, pokhudza ndi posuzumira m'kati.

Kutupa kumayamba kuphwa pakatha masiku atatu mpaka asanu, ndipo apa mpomwe maonekedwe enieni a mphuno amadziwika. Ngati ili yowongoka ndipo mpweya ukudutsa bwino, imadzichirira yokha, kawirikawiri m'masabata atatu. Ngati yakhota kapena mbali imodzi yatsekekabe, achipatala atha kuiwongola atabaya mankhwala oletsa ululu kapena ogonetsa. Koma ntchitoyi ili ndi nthawi yake. Iyenera kuchitika asanathe masiku 14, fupa lisanagwirane, ndipo kwa ana aang'ono ndi msanga kuposa apo chifukwa mafupa awo amagwirana mofulumira. Nthawiyi ikadutsa, fupa limalimba lili chikhotere, ndipo kulikonza kumafuna opaleshoni yaikulu.

Kwa ife a kumudzi masiku 14 ndi ochepa. Akatswiri a makutu, mphuno ndi mmero amapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo njira yofikira kumeneko imayambira kuchipatala chaching'ono, kudzera kuchipatala cha boma. Pamafunika kalata, ndalama yoyendera ndi tsiku lomwe akatswiriwo amaona odwala. Amene wadikira sabata yathunthu kuti aone ngati idziwongola yokha wadya kale theka la nthawi yake.

Mphuno yokhota si nkhani ya maonekedwe okha. Munthu amapumira pakamwa, amaliza mkonono, amadzuka kukhosi kutauma, ndipo pothamanga amatopa msanga. Kwa mtsikana kapena mnyamata wa zaka 16, mayina onyoza omwe anzake amamupatsa amapwetekanso.

Masabata 6 kunja kwa bwalo

Ululu ukatha sizitanthauza kuti fupa lalimba. Wothyoka mphuno asasewere masewero ogundana kwa masabata osachepera 6, pokhapokha adokotala atanena zina. Ngati adaonetsa zizindikiro za kugwedezeka kwa ubongo, asabwerere m'bwalo tsiku lomwelo ngakhale atachonderera, ndipo adzayambe pang'onopang'ono achipatala akavomereza. M'masiku oyamba asamine mwamphamvu, akamayetsemula atsegule pakamwa, asanyamule zolemera, ndipo ngati amavala magalasi asawatsamiritse pamphuno yotupa.

Ndikanena izi anyamata anga amandiyankha ndi dzina limodzi: Mbappé. N'zoona kuti pa 17 June 2024, pa mpikisano wa Euro ku Germany, Kylian Mbappé wa France adathyoka mphuno atagunda phewa la Kevin Danso wa Austria, ndipo pa 25 June adasewera ndi Poland mpaka kugoletsa penate. Koma ndimawakumbutsa zomwe sadazione ku vidiyo. Adatuluka m'bwalo, adapita naye kuchipatala usiku womwewo, sadasewere mpira wotsatira ndi Netherlands, ndipo adabwerera atavala chotchinga kumaso chopangidwa motsatira nkhope yake, madotolo akumuyang'anira tsiku ndi tsiku. Mwana wathu alibe chotchinga chotere, ndipo dotolo wake ali pamtunda wa maola awiri panjinga. Kugundidwa kachiwiri pamphuno yosalimba kumawononga kuposa koyamba.

Kupewa kuli m'manja mwathu

Akuluakulu adati mphuno salota, ndipo n'zoona kuti ngozi zina sizipeweka. Koma zambiri zomwe ndaona pabwalo lathu zidali ndi chiyambi chomwe tikadatha kuchiletsa.

Chachikulu ndi chigongono. Pa World Cup ya 1994 ku America, Mauro Tassotti wa Italy adathyola mphuno ya Luis Enrique wa Spain ndi chigongono, woyimbira osaona. Ataonera kanema, akuluakulu a FIFA adamuletsa masewero 8. Pofika World Cup ya 2006, oyimbira adalamulidwa kupereka kadi yofiira kwa womenya mnzake chigongono kumutu mwadala, ndipo Daniele De Rossi wa Italy adatulutsidwa pachifukwa chomwechi posewera ndi America. Kwathu kuno woyimbira amakhala mphunzitsi mnzathu kapena mnyamata wa m'mudzi yemwe akuopa anthu a m'mbali. Mpira usanayambe, aphunzitsi a mbali zonse ziwiri agwirizane pamaso pa osewera kuti wokweza chigongono kumaso kwa mnzake atuluka, kaya ndi wa timu iti. Woyimbira akadziwa kuti aphunzitsi ali kumbuyo kwake amalimba mtima.

Tiphunzitsenso kudumpha. Ana ambiri amadumphira mpira atatseka maso, zigongono zili m'mwamba. Aphunzire kutsegula maso, kumenya mpira ndi chipumi, ndi kusunga manja kuti asafike kumaso kwa mnzawo. Anyamata a timu imodzi amagundana chifukwa chosalankhulana, choncho wopita kumpira atchule dzina lake mokweza, ndipo goloboyi akakuwa ena apatuke. Pampira wamanja, lamulo loti wotchinga atalikire mamita 0.9 kwa wogwira mpira limatetezanso nkhope. Tizilitsata ngakhale pokonzekera.

Tisasakanize ana osiyana misinkhu. Pamasewero a makalasi, mwana wa Fomu 1 wa zaka 13 amakumana ndi wa Fomu 4 wa ndevu, ndipo mphuno ya wamng'onoyo imalingana ndi phewa la wamkuluyo. Choipa kwambiri ndi khalidwe lobwereka anyamata akuluakulu a m'mudzi n'kuwaveka yunifomu ya sukulu pofuna kupambana. Aphunzitsife tikudziwa kuti zimachitika, ndipo amavulala ndi ana a eni.

Bwalo nalo tiliyendere mpira usanayambe. Zitsa zizulidwe, maenje akwiriridwe, miyala itoledwe, ndipo mitengo ya golo izikidwe molimba, yopanda misomali yotulukira. Oonerera ndi njinga zawo atalikire mzere. Mpira usapopedwe mpaka kulimba ngati mwala. Kukayamba kuda mpira uthe, chifukwa munthu sangapewe chomwe sakuchiona. Mphete, ndolo, mawotchi ndi zibangili zivulidwe, monga lamulo lachinayi la mpira limanenera.

Pali mphuno zinanso zomwe zimathyoka mpira utatha. Ndewu za ochemerera komanso nkhonya zomwe anyamata amayeserera kuseri kwa makalasi akachoka koonera vidiyo zimavulaza ngati mpira womwe. Aphunzitsi asachoke pabwalo alendo asananyamuke. Ndipo mawu oti mwamuna salira tiwasiye. Ndi omwe amachititsa mwana kunena kuti ali bwino pomwe sali bwino.

Chomaliza ndi bokosi la chithandizo choyamba. Lathu ndi chigoba cha pulasitiki chomwe komiti ya makolo idatithandiza kudzaza: magolovesi, nsalu zoyera, bandeji, pulasitala, sopo, Panado ndi botolo la madzi. Pachivundikiro tidalemba nambala za foni za anthu awiri a njinga zamoto, ndipo m'kope la masewero muli nambala ya kholo la wosewera aliyense. Tidapatulanso kandalama koyendera komwe sikagwiritsidwa ntchito ina. Makaputeni onse, a anyamata ndi a atsikana, amaphunzira kutsina mphuno ndi kuwerenga mphindi 15, chifukwa si nthawi zonse pomwe mphunzitsi amakhala pafupi.

Teremu yatha mtsikana wina wa Fomu 2 adagundidwa ndi mutu wa mnzake pansi pa golo. Adakhala pansi ataweramira patsogolo, kaputeni akuwerenga nthawi. Magazi atasiya ndidasuzumira ndi tochi, sindidaone chotupa, koma mbali imodzi mpweya sunkadutsa bwino. Ndidamuperekeza kwawo. Bambo ake sadakondwe. "Aphunzitsi, kamfuno chabe mpaka kuchipatala? Ndalama ya njinga ichokera kuti?" Ndidawafotokozera za mnyamata uja, osatchula dzina, ndipo m'mawa adapita naye. Achipatala adapeza kuti fupa lidang'aluka koma silidasunthe. Adakhala kunja masabata 6 akulemba zigoli m'kope, akundikwiyira, ndipo tsopano wabwerera m'timu mphuno yake ili momwe idalili.

Lachisanu likudzali tili ndi mpira wina ndi anzathu a kutsidya aja. Ndayendera kale bwalo ndi makaputeni, tazula zitsa ziwiri. M'thumba langa mukhala wezulo, magolovesi ndi foni yodzaza moto, chifukwa cha tochi.